Masupuni atatu m'phala la Fanuwelo

Lachiwiri lapitali ndinaika dzanja pachifuwa cha mlongo wanga wamng'ono, Fanuwelo, ndipo kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikundikomera.

Ndinapatukira kunyumba kwake, kwa Kaduya, m'mawa, ndisanapite kusukulu kumene ndimaphunzitsa, kukatenga nandolo amene mlamu wanga Esinati, mkazi wake, anandisungira. Fanuwelo ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa nyumba, atatsamira mtengo wa mango, malaya atavula. Pambali pake panali zonyamula zake zija: zitini ziwiri za penti zothira simenti, pakati paipi yachitsulo. Thukuta linali kamukamu pamene dzuwa linali lisanakwere n'komwe. Ankadzikanda kumaso, m'makutu, m'mikono, ndipo zala zake zinkanjenjemera.

"Iwe, watani?" ndinamufunsa.

Anaseka. "Achemwali, gwirani apa mumve injini."

Ndinagwiradi. Mayi ine! Mtima unkathamanga ngati wa nkhuku imene mwangoigwira kumene. Koma chimene chinandiopsa si liwirolo ayi. Unkathamanga, kenaka n'kuima kaye pang'ono, kenaka n'kugunda kamodzi mwamphamvu, n'kuyambiranso. Ndinawerenga kuima kumeneko katatu dzanja langa lili pomwepo.

"Ndiye kuti ufa wanga uja wayamba kugwira ntchito," anatero mwini wake, uku akupuma mobanika.

Ndikuuzeni za Fanuwelo pang'ono. Ndi bambo wa ana awiri, ndipo ntchito yake ndi yonyamula matumba a mpunga panjinga kuchokera kuchigwa kukatula ku Migowi. Yamukwana. Mawa Loweruka kukubwera anthu a kampani ina ya alonda ya ku Limbe kudzalemba amuna pabwalo la mpira. Akuti adzawathamangitsa mozungulira bwalo, n'kutenga amene atsale ali chiimire komanso okhala ndi zifuwa zooneka. Fanuwelo wakhala akuikonzekera ntchito imeneyi miyezi iwiri.

Ndiye msuweni wathu wina wa ku Joni, pobwera kutchuthi, anamusiyira chitini. Chitini chachikulu chakuda, cha pulasitiki, pamwamba chithunzi cha mwamuna wa minofu yotupa mpaka khosi osaoneka. M'kati mwake ufa wofiirira wonunkhira ngati maswiti. Msuweniyo anati ndi umene anyamata a kumeneko amamwa asanakanyamule zitsulo. Sananenenso china, iyenso anachita kupatsidwa ndi mwana wa bwana wake.

Tsono ufa, kwa ife kuno, umalowa m'phala. Nsinjiro timathira m'phala, soya timathira m'phala, ndipo sitithira mwaumbombo. Fanuwelo naye ankatapa masupuni atatu akuluakulu, odzaza mpaka kutumphuka, n'kutakasira m'phala la mgaiwa m'mawa uliwonse, pamwamba pake tiyi wakuda makapu awiri.

"M'chitinimu munalibe choyezera?" ndinamufunsa Esinati.

"Kanalimo kasupuni kakang'ono, alamu," anayankha, n'kulowa m'khitchini kukatenga. Kanthu kochepa ngati chitsekero cha botolo. "Abambo ake a Chisomo anati n'ka ana aka. Ndikuyezera soda pophika therere."

Ndinaseka? Ndinkafuna kuseka, koma sizinali zoseketsa.

Kusukulu sindinapite. Ndinatenga chitini chija n'kumukweza Fanuwelo pakaliyala ya njinga yake yomwe, akunyinyirika njira yonse kuti ndikumuchititsa manyazi, mpaka kuchipatala chathu chaching'ono. Namwino amene tinamupeza ndi mnzanga, Mayi Nyirenda, wa kumpoto koma wakhala kuno mpaka Chilomwe akuchimva. Anamumanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi uja pamkono, anapopa, anayang'ana, anapopanso kachiwiri. Anamugoneka pabedi, n'kunditengera ine pakhonde pamodzi ndi chitinicho.

Zolemba zake zinali kumbuyo, tizilembo ting'onoting'ono, moti ndinachita kuvala magalasi. Ine Chingelezi ndimaphunzitsa, koma pamndandanda wa zimene zili mu ufawo ndinazindikira dzina limodzi lokha: kafini, uja amapezeka mu khofi ndi tiyi. Mayi Nyirenda anati mu ufa wa mtundu uwu kasupuni kamodzi kakang'ono kaja katha kukhala ndi kafini wa makapu angapo a khofi wamphamvu. Nanga masupuni atatu odyera phala?

Dzina lina anati ndi limene limayabwitsa khungu, ndipo pa lokha silikhala loopsa kwenikweni. Ena anali a zotsekemera ndi utoto. Koma panali mayina asanu ndi limodzi ataliatali amene anawaunjika pamodzi pansi pa dzina limodzi lodzitamandira, ndipo nambala inali imodzi ya mulu wonsewo. Chilichonse pachokha mulimo chochuluka bwanji, sanalembe.

"Awiri awa ine sindinawamvepo," anatero Mayi Nyirenda, chala chili pamayinawo. "Ndipo sindingakulonjezeni kuti zimene alemba panjazi ndi zokhazo zimene zili m'katimu. Ndilibe poyezera. Akakomoka, ndimupatsa chiyani munthu amene sindikudziwa chimene wamwa?"

Pansi penipeni panali mawu amene ndinawamva onse bwinobwino. Musapitirire kasupuni kamodzi patsiku. Musaphatikize ndi khofi kapena tiyi. Musamwe ngati muli ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, kapena ngati matendawa ali m'banja mwanu.

Bambo athu anagwa m'munda wa mpunga khasu lili m'manja, mbali imodzi n'kuferatu, ndipo anangotha masiku atatu n'kumwalira. Kunali kuthamanga kwa magazi. Fanuwelo ndiye anawanyamula kuchokera kumundako.

Ndinachita mantha, abale anga, ndipo ndikuchitabe.

Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi. Ife anthu a kuno si opusa pa nkhani ya zakudya zoopsa. Ndi ife timadya kalongonda. Mwana aliyense wa ku Phalombe amadziwa kuti kalongonda samuphika mothamanga: umawiritsa, n'kutaya madzi, n'kuwiritsanso, n'kutayanso, tsiku lathunthu, ndipo madziwo suwataya pamene pakuyenda nkhuku. Chinangwa chowawa timachiviika masiku. Mpunga pamsika timaununkhiza, matemba a ku Chilwa timawatembenuza uku ndi uku, wogulitsa mpaka kukwiya. Bowa wachilendo sitithyola, ngakhale njala itavuta bwanji.

Ndiye nzeru zonsezi zimathawira kuti chinthu chikabwera m'chitini cholembedwa Chingelezi?

Chibwerere cha matipate misika yathu yadzaza. Tsiku la msika mankhwala amayalidwa pamphasa pafupi ndi sopo ndi mabatire, padzuwa, ndipo timagula potchula mtundu: ndipatseni makapisozi ofiira ndi achikasu aja. Funso lathu ndi limodzi, "N'zingati?" Mwina lachiwiri, "Ndi amphamvu?" Amene anafunsapo kuti muli chiyani m'menemu akweze dzanja. Ine sindikweza, chifukwa nanenso ndinagulapo timapiritsi ta mutu tokulunga m'pepala la kope, wogulitsa akundiuza dzina lake pakamwa.

Ndipo tili ndi kakhulupiriro kena koipa, koti mankhwala enieni ndi amene amakuzunza. Jakisoni wosapweteka timati ndi madzi. Piritsi losawawa timati atinamiza. Ndiye Fanuwelo khungu likamamuyabwa, mtima ukamadumpha, sakuona chenjezo. Iye akuona umboni woti msuweni wake sanamupatse zachinyengo.

Anyamata athu akuonera mafilimu a nkhonya m'mavidiyo muja, ndipo aliyense akufuna chifuwa. Kunyamula zitini za simenti sindikuletsa, kuli bwino kusiyana ndi kukhala pa kachasu. Koma pitani pamene amanyamulira mukamve nkhani zake. Anzake a Fanuwelo atatu analawako kale ufa uja, aliyense kutapiridwa pachikhatho n'kunyambita. Ndiye taganizani tsiku limene munthu wina wochenjera adzabweretse zitini khumi n'kuyamba kugulitsa ufawo m'timajumbo, monga timagulira shuga ndi mchere. Kajumbo kalibe kumbuyo kolembapo chenjezo. Ngakhale tizilembo tija timene ndinavalira magalasi sitidzakhalapo.

Musanameze chinthu chotere, chonde, tembenuzani chitini. Ngati simutha kuwerenga, pitani nacho kwa amene amatha. Ngati wowerengayo wafika pa dzina n'kukakamira, pitani nacho kuchipatala. Ngati wa kuchipatala nayenso wapukusa mutu, mukufunanso wina wotani? Ndipo ngati mwapezamo kasupuni, anakaikamo ndi cholinga, sikuti anakaiwala.

Fanuwelo anamutulutsa masana, mtima utakhazikikako. Mayi Nyirenda anamuuza maso ndi maso kuti magazi ake akuthamanga kuposa msinkhu wake, asiye ufawo, abwerenso Lolemba adzamuyeze ali wopanda kanthu m'thupi. Iye anangoti, "Chabwino, amayi," mwaulemu wake wonse uja.

Panjira ndinamuuza kuti chitini ndikupita nacho kwanga.

"Achemwali, inu malipiro anu amabwera mwezi ndi mwezi," anatero. "Ine msana ukutha ndi matumba a eni ake. Loweruka kukakhala amuna mazana, ena anyamata a dzulodzuloli. Mukufuna ndikathamange ndi mphamvu za mgaiwa?"

"Ndikufuna ukathamange n'kubwerako," ndinamuyankha. "Wayiwala mmene unawanyamulira bambo?"

Anayang'ana chitini chija. Kenaka anati, "Tengani." Ndinadabwa kuti wagonja msanga chotere, munthu amene kuyambira ali mwana sagonja. Koma ndinali wotopa, ndipo ndinkafuna kukhulupirira.

Lero Lachisanu, kum'mawa kuno, Esinati wandipeza kusukulu, mwana kumsana, fumbi mpaka m'maondo. Wandiitanira kuseri kwa kalasi.

"Alamu, anyamuka. Akuti akagona kwa anzawo pafupi ndi bwalo kuti mawa asachedwe." Anayang'ana pansi. "Dzulo pochapa ndinapeza kajumbo m'thumba la jekete lawo. Ufa uja. Anapatula kalekale, inu musanabwere Lachiwiri. Nditafunsa anandilanda, akuti ndi wa tsiku limodzi lokha basi."

"Wochuluka bwanji?"

Anandionetsa ndi chikhatho, chodzaza. Kenaka anamasula mfundo ya chitenje n'kundipatsa kasupuni kaja, atakatsuka bwinobwino. "Mwina mukawapeza. Ngati akakane kusiya, bola akayezere aka."

Ndiye ndi izi zili patebulo panga pamene ndikulemba: chitini, chenjezo lake lonse, ndi kasupuni. Ufa uli m'thumba la Fanuwelo.

Mawa ndikhala pabwalo paja anthu asanafole. Ndakhala ndikuyeseza zimene ndikanene, ndipo palibe imene ikutuluka bwino. Ndikamupeza asanamwe, ndikamugwira jekete pamaso pa anzake, anyoze anyoze. Koma ndikamupeza atamwa kale? Ndikapita kwa olemba ntchitowo n'kuwauza kuti uyo wa malaya obiriwirayo musamuthamangitse, mtima wake suli bwino, ntchito yathera pomwepo, ndipo sadzandiyankhulanso mwina mpaka ana ake adzakule. Ndikakhala chete, ndiye kuti ndiima kunja kwa mzere n'kumaonerera mlongo wanga akuzungulira bwalo padzuwa la ku Phalombe, ine ndekha pagulu lonselo ndikudziwa kuti injini imene akuinyadirayo imaima kaye isanagundenso.

Lachiwiri lija mtima wake unaima katatu, n'kuyambiranso katatu konse. Inu amene mukuti ndisamuwonongere mwayi, mungandilonjeze kuti kachinayi udzayambiranso?