Kamlatho ka Pakati pa Zala

Alamu anga a Zenobio akalambira m'fumbi la nsangalabwi, mwala woyera wosemera ziboliboli, muno mu Roma, koma sanasemepo nkhope ngakhale imodzi. Ntchito yawo inali yotsiriza. Posema chiboliboli, amisiri amasiya timilatho ta mwala pakati pa zala kuti zisathyoke pangolo. Chikaimikidwa kwa mwini wake, a Zenobio ankadula timilathoto ndi tupa. Ine yanga inali yopukuta basi.

Chaka chatha dzanja lawo linayamba kunjenjemera, ndipo ankalibisa m'khwapa. Tinkadziwa ine ndi mlongo wanga Pellegrina, mkazi wawo. Abwana athu a Fulgenzio akanaona, ntchito ikanathera pomwepo, nanga nkhalamba angailembenso ndani?

Tsiku loimika chiboliboli kunyumba ya kadinala wina, mkulu wa mpingo, linafika. Chinali cha nthano ya Agiriki: woimba zeze wacheuka, mkazi wake akukokedwa kubwerera kwa akufa, manja awo akulekana. Zala za mkaziyo, mayo ine, kuwonda ngati udzu!

"Alamu, ndikanene kuti mwatsegula m'mimba?" ndinanong'ona.

"Iwe wopukuta matako a miyala, gwira makwerero, usandiphunzitse ntchito."

Anakwera, natsamiritsa mkono paphewa la woimba uja, n'kumakwecha pang'onopang'ono. Dzanja likayamba zake, ankaima ngati akupenyetsetsa. Ine ndinkangoitana oyera onse akumwamba. Kamlatho kotsiriza kanagwa, zala zonse zili bwinobwino.

Koma ndinali nditaiwala mwambo wathu: wodula kamlatho kotsiriza amamwa chikho choyamba ali patsinde pa chiboliboli. A Fulgenzio anadzaza vinyo wofiira mpaka pakamwa pa chikho.

"Landirani achikulire, dzanja lanuli silikalamba!"

A Zenobio anandiyang'ana. Kukana kukanakhala kunyoza abwana. Analandira ndi manja awiri, koma chikho chinavina, vinyo khuthu paphazi loyera la mkazi uja. Nsangalabwi imamwa msanga kuposa chidakwa. Ndinathamanga ndi nsanza, koma vinyo anali atalowa kale.

A Fulgenzio sanakalipe. Anangoyang'anitsitsa manja aja.

"Zayamba liti?"

"Pa Pasaka, bwana."

"Tupa mupatseni mlamu wanuyu."

Ndinalandira, nanga ndikanatani? Koma zinandiwawa zedi. Pobwerera, titafika pakhomo pawo, a Zenobio anaima n'kundigwira malaya.

"Tsogola ndiwe, mlamu. Ukamuuze mlongo wako kuti ntchito yandithera, ine sindingathe."