Kapepala Kofiira

Fungo la makatoni atsopano limandibwezera ku Mchinji, tsiku limene amayi, omwe anali namwino paboma, ankasamukira ku Mangalande. Anthu a kampani yotumiza katundu kunja ankakulunga mbale m'manyuzipepala, selotepi ikulira ngati nsalu yong'ambika. Zopita kunja ankazimata kapepala kofiira n'kuzikweza mulole. Zotsala ankaziponya pangolo ya amalume, amene anachokera nayo kwa Mavwere.

Ine ndinatola kapepala kamodzi n'kudzimata pachifuwa, ndikuseka. Kenaka ndinaona bulangeti langa ndi yunifolomu yanga zili pangolo, pamwamba pa makasu.

"Amayi, asokoneza," ndinatero. "Zanga aziika pangolo."

Amayi anagwada n'kumatula kapepala kaja pamalaya anga.

"Sanasokoneze, mwananga. Kwera, ng'ombe zatopa kudikira."