Mbewu Yopempha ya Esinala wa ku Chiromo

Inu amene zinthu zakukanikani kawiri ndipo mwayamba kunena kuti munabadwa ndi tsoka, takhalani pansi mumve za Esinala wa ku Chiromo.

M'chaka cha 1976, tsiku la msika pa Bangula, Esinala anachititsidwa manyazi anthu akuona. Anali atakhala pansi pa mtengo ndi dengu la mpunga, khadi ya chipani ataimanga pamfundo ya chitenje poti popanda iyo sakanalowa mumsika. Anangoona mayi wina wojintcha akubwera ndi poto m'manja, akulalata asanafike n'komwe.

Mayiyo anali Dorika, amene ankaphika mpunga ndi nsomba n'kumagulitsa kwa anthu odikira sitima. M'mawa womwewo anali atagula mpunga kwa Esinala.

"Mayi, tandiuzani, chimenechi n'chiyani?" anatero akuvundukula poto. "Wina wasanduka phala, wina uli gwa ngati mchenga. Anthu andibwezera mbale. Mpunga wotere nkhabe, sindiufuna!"

Msika wonse unaseka, poti anthu a pamsika sachedwa kuseka mnzawo. Amene ankafuna kugula anabweza manja. Esinala anangowerama, misozi ili chuchuchu, ndipo analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Chimene osekawo sankadziwa n'chakuti dengu limenelo linanyamula moyo wake wonse. Chaka chapitacho madzi a Ruo ndi Shire anasefukira n'kukokolola nkhokwe yake ndi mbewu yomwe. Madziwo ataphwa, mwamuna wake Pedro anadwala n'kumwalira, kumusiya ndi ana atatu komanso munda umodzi wa kudambo. Kwa akuchimuna akewo munda ndi ana zimatsata bambo. Choncho maliro atatha, mkulu wake wa malemuyo, Sebastiano, sanazungulire.

"Mlamu, mpunga si ntchito ya mkazi yekha. Ndikupatsani zokolola zitatu. Mukalephera kudyetsa ana ndi munda umenewu, munda nditenga, ana atsala kuno, inu mubwerera kwanu ku Ndamera."

Nthawi yofesa itakwana, Esinala analibe ndi njere imodzi yomwe. Anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu. Uyu anamupatsa kapu, uyo dzanja limodzi, wina kambale ka mpunga umene unachokera kusikimu ya boma ya ulimi wothirira. Iye ankangothokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta, n'kumathira zonse m'dengu limodzi. Mumtima ankati mpunga ndi mpunga basi. Apa mpamene analakwitsa, ndipo mtima wabwino wa anansi ake ndi umene unamupweteka.

M'munda munali chisokonezo. Wina unatalika mpaka m'chifuwa, wina unalekezera m'mawondo. Wina unacha msanga mbalame n'kuchita nawo phwando, wina uli wobiriwira ngati ukuyamba kumene. Zimene anapulumutsa ndi zimene zinali m'dengu lija pa Bangula.

Dorika anali wa pakamwa koma sanali woipa mtima. Ataona misozi ija anakhala pansi, natapa mpunga n'kuumwaza palichero.

"Pukutani maso muone kuno, mwana wa amayi. Uwu wautali woonda. Uwu waufupi wonenepa. Uwu wofiirira. Uwu sindiudziwa n'komwe kwawo. Uliwonse uli ndi madzi ake ndi nthawi yake yopsa. Mwawatsekera m'poto mmodzi, mumati agwirizana bwanji?"

Kenaka anatola njere zazitali zokhazokha, anazifikisa m'manja, anazipumira mpweya, n'kuziika pamphuno pa Esinala. Fungo lake linali lokoma moti Esinala anaiwala kulira.

"Wogula amayamba ndi mphuno," anatero Dorika. "Akatero amayang'ana ngati uli wathunthu, osati woswekasweka. Akakaphika kunyumba n'kuona kuti wafufuma, uli mbee, wosamatana, mawa abweranso yekha. Mundipezere uwu wokhawokha, mudzandiona ndikukuthamangirani."

Esinala anawoloka mlatho wa Chiromo dengu likadali lodzaza, koma m'mutu muli china chatsopano. Kunyumba anali ndi mpunga wosapuntha m'mtondo umene anasungira mbewu. Anauthira pamphasa n'kuyamba kusankha njere imodziimodzi. Inde, imodziimodzi. Anatha masabata atatu akutola zazitali zoonda, msana ukuwawa, maso akuyabwa. Anzake opita kumadzi ankamuseka kuti Esinala wasanduka nkhuku. Pamapeto pake anapeza mbewu yodzaza mbale ziwiri zokha.

Anafesa panazale, anawokera, anapalira. Koma diso la munthu limaphonya. Mpunga utayamba kutulutsa ngala, anaona kuti muli mapesi ena achilendo, aafupi, ofulumira kucha. Analowa m'matope n'kuyamba kuwazula. Sebastiano anamupeza akuponyera kunja mpunga wabwinobwino wokhala ndi ngala.

"Mlamu, mwayamba misala? Anthu akulira njala, inu mukuzula chakudya?"

"Alamu, uwu si wa muno," anayankha Esinala osaweramuka.

"Chokolola chachiwiri chimenechi. Ine ndikuwerenga."

Mawu amenewo anamulasa, ndipo tsiku limenelo anachita mantha kwambiri. Koma sanasiye kuzula. Pokolola sanamwete chisawawa. Anayenda ndi kampeni kudula ngala imodziimodzi, zazitali ndi zokhwima bwino, n'kuzimanga m'mitolo. Mitoloyo anaipachika kudenga la kukhitchini kumene utsi umathamangitsa anankafumbwe.

Wotsalawo unali wochepa. Anapuntha pang'ono n'kupita nawo kwa Dorika, mtima uli m'mwamba. Dorika ananunkhiza n'kugwedeza mutu movomera, koma atayang'ana m'dzanja anakwinya nkhope.

"Fungo mwalipeza. Nanga bwanji waswekasweka chonchi? Mwauchedwetsa m'munda, ndipo mwauwotcha poyanika. Dzuwa lathu lino silisewera. Wogula akaona misere amati ndi wa phala la ana."

Wina akanati basi, ndayesetsa. Esinala anabwerera ali khuma, koma mawuwo anawasunga.

Miyezi ya njala inafika. Ankagwira ganyu m'minda ya thonje, ndipo ganyu akasowa ankalowa m'dambo kukazula nyika, timizu ta m'madzi todya pa njala, ng'ona akuziopa koma njala ya ana akuiopa kwambiri. Chimene chinkamupweteka mtima koposa n'kuona ana ake akutafuna nyika maso ali kudenga kumene kunali mitolo ya mpunga. Tsiku lina wamng'ono analira mpaka mawu kutha. Esinala anaimirira, nagwira mtolo umodzi. Kenaka anausiya pomwepo, anabereka mwanayo n'kutuluka panja, nayenso akulira.

Chaka chachitatu munda wonse unali wa mbewu imodzi. Unamera mofanana, unatalika mofanana. Mu February madzi anakwera m'dambo n'kukhala masiku angapo. Minda ina ya mpunga waufupi inamira, koma wa Esinala unangotulutsa makosi pamwamba pa madzi n'kudikira. Alimi odutsa pa bwato anayamba kuima n'kumaloza. Ngala zonse zinacha sabata imodzi, moti mbalame sizinapeze mpata wodya pang'onopang'ono monga kale. Anakolola pa nthawi yake, anayanika m'mawa mokha, dzuwa likakula n'kumaukokera pamthunzi.

Tsiku lobwerera pa Bangula anavala chitenje chake chabwino. Dorika anatapa, ananunkhiza, analuma njere imodzi. Anatenga mbale imodzi n'kukaitereka pamoto pomwepo. Posakhalitsa fungo linayamba kuyenda lokha mumsika, kudutsa ogulitsa nsomba mpaka kukafika kwa osoka zovala. Dorika anavundukula poto n'kukuwa kuti msika wonse umve.

"Pyadidi, zabwino zedi! Bwerani muone mpunga, inu! Uwu ungadyedwe wopanda ndiwo!"

Akazi a aphunzitsi anabwera, akazi a anthu a njanji anabwera, ngakhale aja anaseka chaka chija anabwera ndi timatumba tawo ngati si iwo. Sitima isanalire, dengu linali mbee. Esinala anaseka mokweza koyamba chimwalirireni mwamuna wake.

Alimi nawo anayamba kufika pakhomo pake, koma mafunso awo anali ena. Mlimi safunsa za fungo poyamba. Ankafuna kudziwa kuti umatenga miyezi ingati, ngati umagwa ndi mphepo, ngati umayoyoka m'munda, ndiponso kuti umabereka bwanji. Esinala sanawanamize.

"Umachedwa, abale anga, ndipo pa matumba sungapose wa kusikimu. Koma madzi suwaopa, ndipo pamsika sugona."

Ambiri anasinthanitsa ndi mapira, ena ndi nkhuku. Nkhokwe yake inadzaza, ana anayamba kunenepa masaya.

Komabe mawu omaliza anali kwa Sebastiano. Tsiku lina masana anafika ndi mkazi wake Josephine, nakhala pampando ali ndwii. Esinala anakhala pamphasa, ana atamuunjirira, mtima ukugunda.

"Mlamu, zokolola zitatu zakwana," anayamba Sebastiano. "Ndaona nkhokwe yanu. Koma munda umenewu ine ndikanatulutsamo matumba ochuluka kuposa apa. Mpunga wanu wochedwawu…"

Josephine anatsokomola.

"Bambo, pepani ndikuduleni. Mpunga umene mwakhala mukudya sabata yonseyi, uja mumati ndiwonjezere, uja munaitanira anzanu a kutchalitchi kuti adzalawe, mumayesa ndi wa m'munda mwanu?"

Sebastiano anatembenuka, koma Josephine anapitiriza.

"Wanu uli m'nkhokwe, ngakhale ana akuukana. Umene mumadyawo ndinadzasinthanitsa kuno ndi nyemba."

Sebastiano anayang'ana mkazi wake, anayang'ana nkhokwe, anayang'ana ana a mng'ono wake. Kenaka anavula chipewa n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndagonja ine. Pakamwa panga pomwe pandipereka. Mlamu, ndinakuderererani. Munda ndi wanu, ana ndi anu, ku Ndamera muzipita kukacheza basi. Koma mbewuyo mundigawireko."

Esinala anawomba m'manja mwaulemu, misozi ikutsika, koma ulendo uno inali yachimwemwe. Anakumbatira ana ake onse atatu nthawi imodzi. Atapukuta maso anati:

"Takhuta, alamu. Mbewu ndikupatsani. Koma mukasese kaye nkhokwe yanu, ndipo muisunge payokha. Mukakaisakaniza, musadzatchule dzina langa."

Sebastiano, bambo wa ndevu zake, anangoti, "Ndamva, mlamu."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anatchulanso zochotsa Esinala pamudzipo. Ana ake anakulira pakhomo pa mayi awo, akudya za m'munda wa bambo awo.

Tsono inu amene mwasekedwa, amene ntchito yanu yabwezedwa anthu akuona, musathamangire kunena kuti zatha. Mverani bwino amene akukudzudzulaniyo, mwina mwa ukali wakewo muli chimene mukusowa. Bwererani mukakonze, ngakhale zitatenga zaka zitatu, ngakhale anzanu atakuyesani wamisala. Esinala anali wamasiye wopanda ndi mbewu yomwe, koma palibe anamulanda ana ake. Limbani mtima, osabwerera m'mbuyo.