Mlamu wa Anthu a ku Mandimba

Kwa Mponda kuli mkulu wina woumitsa usipa, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, amene khonde lawo silisowa alendo. Amalonda ochokera ku Mandimba, tsidya la Mozambique, amatula nyemba zawo pomwepo n'kugona. Mkuluyu safunsa khadi la chipani, amangofunsa kuti, "Mwadya?" Pokalipa amayankhula Chiyao, ponyengerera wogula Chichewa, ndipo Chipwitikizi chawo chimaseketsa eni ake.

Chaka chomwe nkhondo inakula kutsidyako, mlendo wawo wina, Mkhristu dzina lake Paulo, anadwala n'kumwalirira pomwepo. Njira ya kwawo kwa Paulo inali yosadutsika.

Wapampando wa chipani anabwera kudzawachenjeza. "Bambo, maliro a munthu wakunja mukuwasenzeranji? Mudziputira mlandu."

"Tadyera mbale imodzi zaka zonsezi," anayankha mkuluyo. "Ukunja wake wayamba lero?"

Mkuluyo anavala kanzu yawo, nakapempha manda ndi nyimbo kwa a Anglikani, ndipo bokosi ananyamula nawo.

Njira itatseguka, mkazi wa Paulo anafika akufunsira. Mkuluyo anamuperekeza kumanda. Mayiyo atalira mokwanira, anagwada nati, "Zikomo, alamu."