Bawo yatseguka pa laputopu ija

Moni nonse, ndine Asiyatu kuno ku Utale.

Laputopu ija bambo amafuna akasinthitse ndi chimanga ku Nayuchi yadziwombola lero. Paja anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndiwaonetse gemu ya bawo imene ndakhala ndikupanga.

Chimandivuta chinali laibulale, mafayilo okonzeratu amene amajambula gemu pa sikirini. Poopa kutha bandulo, ndinakakopera pa fulashi kwa mnzanga ku Liwonde. Ndikati ndiyatse, kompyuta imangoti fayilo ya heda, yomwe imaiuza zimene zili mu laibulalemo, palibe. M'mawa uno ndatulukira kuti mnzangayo anasiya foda yonse ya maheda, ankayesa zinyalala. Wanditumizira, ndailozera kompyuta pamene ili.

Kenaka yakana kulumikiza gemu ndi laibulaleyo, pa sikirini mizere yofiira yokhayokha. Kani anandipatsa laibulale ya makina atsopano a 64-bit, pamene yangayi ndi yakaunjika, ya 32. Ndalimba mtima, ndagula kabandulo, ndatsitsa yoyenera, bawo n'kutseguka.

Koma nkhomo zake ndinazipaka chikasu osaganiza. Bambo ayang'anitsitsa, mbale ya mango owiritsa ili pamiyendo, n'kunena kuti, "Iwe Asiyatu, chimanga chonsechi wabisa muno, ife tikudya mango?" Aseka mpaka kutsokomola. Chiyambireni njalayi ndinali ndisanawamve akuseka. Tasewera katatu, andidya katatu konse, mango mpaka kuzizira.

Za ku Nayuchi sanazitchulenso, komabe ufa watsala wa masiku ochepa. Achimwene, ankolo, mukuti bwanji, tiisunge kapena ipite? Mukati ipite, mukawalande nokha bambo, chifukwa ine akukana kundibwezera.