Chikhomo pa Manda a Mayi Anga

Ndinaganiza zochoka ku Lilongwe tsiku limene ndinakhoma chikhomo pa manda a mayi anga. Likulu linkasamuka kuchokera ku Zomba, ine ndili wokoka tcheni wa masaveya oyeza malo, sukulu ndisanaione. Bwana analoza pansi, ine ndinakhoma. Sindinanene kuti apa pagona munthu, ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Mlongo wanga Nabanda anandiona. "Achimwene, mwawakhomera amayi pamutu?" Sabata yomweyo ndinakwera basi ku Old Town, ulendo wa ku Joni.

Kumeneko ndinkasesa mu ofesi ya mainjiniya. Kuwerenga ndinaphunzira ndevu zitamera kale. Makompyuta atabwera ndinawakakamira, mpaka ndinakhala wosankha sisitimu yoyendetsa makina: iyi ya ojambula milatho, iyi ya owerengera mphamvu ya konkire. Ndinkachotsamo zosafunika kuti makina asamachite wefuwefu. Ndalama ndinkatumiza, koma makalata a Nabanda ndinkangowaunjika osayankha. Lamlungu ndinkacheza ndi khoma.

Ndinabwerera ku Lilongwe dokotala atandiuza kuti mtima wanga watopa. Mudzi wathu kunalibe, kunali mipanda ya Area 12 yokhayokha. Ndinkafuna chinthu chimodzi: kugwada pamene pagona amayi ndisanafe.

Injiniya wina ku City Centre, mayi Kamanga, anali ndi mapu akale pa disiki, koma sankatseguka. Anati, "Agogo, kuyambira pamene tinaika sisitimu yatsopano, zakale zonse zikukana." Ndinapempha kompyuta yotayidwa imene inali pansi pa tebulo. Ndinaikamo sisitimu yakale, n'kuichotsa pa intaneti kuti isadzisinthe yokha. Kawiri konse inazima, ine n'kumaichonderera ngati munthu. Tsiku lachinayi mapu anatuluka, ndi nambala ya chikhomo changa.

Ndinasindikiza mapuwo pa pepala n'kupita ku nyumba imene ankaloza. Pageti ndinapeza mlonda, bambo wa imvi zoyamba kumene. Nditatchula dzina langa anavula chipewa.

"Amalume a ku Joni? Ine ndine mwana wa Nabanda. Nanga pepalalo n'lachiyani?"

Ananditengera kuseri kwa nyumba ya abwana ake, pansi pa mtengo wa mbawa. Pamanda a mayi anga panali posesedwa bwino.

"Amayi anati ulonda ndikaufune pano, kwina ayi. Anamwalira chaka chatha, akufunsabe ngati mwalemba."

Ndinagwada. Iye anandilanda pepala lija n'kundipatsa tsache.

"Yambani mwasesa, amalume. Kulira pambuyo."