Khoma Lotentha la ku Saluni

M'nyumba ina ya nsanjika munali masitolo, telala ndi maofesi, ndipo mayi woluka tsitsi m'menemo aliyense ankangomuitana kuti Anasaluni. Anayamba kuluka tsitsi ali mtsikana, pakhonde pa azakhali ake, mpaka anadzapeza kachipinda pansi pa masitepe. Mwamuna wake atamwalira, kachipinda komweko ndi kamene kanaphunzitsa ana.

Kuseri kwa khoma limene anapachikapo galasi kunali chipinda cha magetsi, momwe munali mita ndi swichi yaikulu ya nyumba yonse, pamodzi ndi mafyuzi ake. Zaka zonsezo sanachiganizirepo.

Zinthu zinasintha atabwera abuchala ndi mafiriji awo aakulu ndi makina ochekera mafupa. Akangoyatsa makinawo, fyuzi inkapsa, nyumba yonse mdima bii. Telala ankalalata, a m'maofesi ankatsika akung'ung'udza. Woyang'anira nyumbayo, mlamu wa eni ake, amene anthu ankangoti Alamu, anatopa nazo. Tsiku lina analowa m'chipinda cha magetsi chija ndi pulayala ndi waya wonenepa, n'kumanga wayayo pamalo pa mafyuzi.

"Basi mayi, zatha," anatero kwa Anasaluni potuluka, akupukuta manja pathalauza. "Ameneyu sapsa, olo mubweretse chigayo."

Magetsi sanathimenso, ndipo onse anawayamikira Alamu.

Patapita masabata angapo, Anasaluni anatsamira khoma lija pokoloweka thaulo. Linali lofunda ngati chipumi cha mwana wodwala malungo. Anagunditsapo khutu, n'kumva kulira kwapansipansi, ngati njuchi zili m'phanga.

"Alamu, khomali likutentha."

"Ndi makina anu oumitsira tsitsiwo. Kapena ukalamba wayamba, mayi?"

Anaseka nawo, koma mtima unali m'mwamba. Kuyambira pamenepo ankaluka khutu lili kukhoma. Chikwama anayamba kuchiika pafupi ndi chitseko. Kunyumba ankanunkhiza zovala zake, osadziwa ngati fungo la labala limene ankamvalo linali lenileni kapena la m'mutu. Atawauza abuchala, iwo anangoti, "Zaumasiye izo, mumaganiza kwambiri." Kusamuka sakanatha, makasitomala ake onse ankamudziwira pamenepo.

Linali Lachisanu masana, akuluka mtsikana amene ankakwatiwa mawa lake, pamene babu inafiira, n'kuwala, n'kufiiranso. Fungo la matayala oyaka linadzaza m'saluni. Atasuzumira panja anaona utsi wakuda ukutuluka pansi pa chitseko cha chipinda cha magetsi, n'kumakwera masitepe, njira yokhayo ya anthu a pamwamba.

"Moto! Tsikani, anthuni, moto!"

Alamu anali atapita kutauni ndi makiyi. Abuchala anathyola loko ndi nkhwangwa yawo ya nyama, koma ataona za m'katimo anabwerera chafutambuyo. Mawaya onenepa ankachucha pulasitiki ngati phula la kandulo, bokosi la swichi likuthetheka.

Pamwamba anthu anali kutsokomola, wina akuitana mayi ake. Anasaluni anakulunga thaulo louma kudzanja, nalowa. Anagwira chogwirira cha swichi n'kukoka. Sichinasunthe. Anadzilendewetsa ndi thupi lonse, kutentha kukuboola thaulo, koma zitsulo za m'katimo zinali zitasungunuka n'kumatirirana. Abuchala anamukoka ndi malaya, ndipo atangofika pakhomo, kumbuyo kwawo kunaphulika, phuu!

A pamwamba anatsika chokwawa, atatseka mphuno ndi malaya. Telala, amene anali ndi chifuwa cha mphumu, anachita kumunyamula. Motowo unagonja pokhapokha ogwira ntchito zamagetsi atadula mawaya papolo pamsewu, ozimitsa moto n'kuthira zawo. Palibe anamwalira.

Mmisiri wa magetsi amene anabwera kudzaona anamufotokozera Anasaluni, amene dzanja lake linali m'bandeji. "Mayi, fyuzi ya pa swichi yaikulu amaiyeza ndi kukula kwa mawaya a nyumbayo. Katundu akachuluka, izipsa ndi iyoyo, mawaya asanatenthe. Mukaichotsa, amapsa ndi mawaya. Apa pankafunika mawaya aakulu, osati kuitseka pakamwa fyuzi."

Anasaluni anangogwedeza mutu.

Nyumbayo inatsekedwa miyezi ingapo, ndipo Alamu sanaonekenso. Mtsikana uja anakwatiwa atavala duku, theka la mutu losaluka. Itatsegulidwa nyumbayo, eni ake anamuitana Anasaluni kuti abwerere, koma iye anangofika pamasitepe, thukuta lili kamukamu, n'kubwerera.

Anapeza chipinda china chimene chitseko chake chimatulukira kumsewu. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinauma, moti zoluka zing'onozing'ono amazisiyira mwana wake wamkazi. Iye amatsuka mitu, kupesa ndi kucheza ndi makasitomala, ndipo wina akafunsa za dzanjalo amayankha kuti ndi nkhani yaitali, aweramitse mutu sopo angalowe m'maso.